Abale ndithandizeni: Pasaka wayandikira, mpingo wathu sukukula, ndipo ndili ndi ganizo la bizinesi

Membala wosadzitchula dzina:
Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ndabisa dzina chifukwa ena mwa akhristu anga ali pa gulu lino. Ndimatsogolera kampingo kakang'ono komwe tinayamba zaka 4 zapitazo pabalaza panga, tili anthu 9. Lero m'kaundula tilimo 31, koma Lamulungu ndikawerenga mitu timangokwana 18 kapena 20, ana omwe. Timapemphera m'holo yalendi, ndipo mwini wake amabwera ndi makiyi nthawi imene wafuna. Mwezi watha tinaimba nyimbo zitatu titaima panja. Woimba kiyibodi, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha zala zake zikadali zolimba, anapita ku mpingo waukulu wa tsidya la msewu. Sanabwere kudzatsanzika, anangotumiza uthenga pa foni pakati pa usiku. Mlamu wanga naye amauza mayi akunyumba kuti ndikanakhala woitanidwadi bwenzi pano holo itadzaza. Mawu amenewa amandisowetsa tulo.

Chaka chatha pa Pasaka kunabwera alendo 14. Ndinalira ndi chimwemwe. Lamulungu lotsatira sikunabwere ngakhale mmodzi.

Chaka chino ndikufuna tichite chitsitsimutso cha masiku atatu, kuyambira Lachisanu Loyera mpaka Lamulungu la Pasaka. Tigule tenti, mipando 100 ndi masipika. Pasaka akadutsa, zinthuzo tizizibwereketsa kwa anthu a maukwati ndi misonkhano, phindu lake lizilipira lendi ndi ntchito ya ulaliki. Ndakhala ndikupempherera zimenezi ndipo mtima wanga uli ndi mtendere. Ndalama zogulira zilipo. Kwatsala milungu 6. Kodi ndi bwino mpingo kukhala ndi bizinesi yotere? Nanga tingatani kuti alendo a ulendo uno asatithawenso? Chonde musandinyoze, ndatopa kale.

Mkulu wa mpingo, zaka 30 pa ntchito:
Abusa, ndikulankhula ngati bambo wanu. NYUMBA YA MULUNGU SI MSIKA. Tsegulani Yohane 2 kuyambira ndime 13. Paskha wa Ayuda atayandikira, Ambuye anapota chikwapu cha zingwe natulutsa ogulitsa ng'ombe, nkhosa ndi nkhunda, nagubuduza matebulo a osintha ndalama. Pa Maliko 11 zimenezi zikuchitika tsiku lotsatira atalowa mu Yerusalemu, sabata yomweyo imene inu mukufuna kutsegulira bizinesi yanu. Ndaona mipingo yambiri ikuyamba ndi "tingogula katenti", pakutha zaka ziwiri msonkhano wa akulu ampingo wonse ukungokamba za amene sanabweze mipando. Pemphero lija lazilala.

Mayi wosoka zovala:
Bambo, ndi ulemu wonse, nanga Paulo sankasoka mahema? Machitidwe 18 akuti ku Korinto anakhala kwa Akwila ndi Prisila chifukwa ntchito yawo inali imodzi, ndipo anakhala mumzindawo chaka ndi miyezi 6 akuphunzitsa. Lidiya wa pa Machitidwe 16 anali wogulitsa nsalu zofiirira, ndipo abale ankakumana kunyumba kwake. Ine ndasoka zaka 12. Anthu anayi amene ali mu mpingo wathu lero ndinawadziwira pa makina anga. Sindinawalalikire. Ndinangowasokera pa tsiku limene ndinalonjeza, nsalu yotsala ndinawabwezera m'thumba, iwo okha n'kufunsa kuti mayi inu mumapemphera kuti. Bizinesi yachilungamo imalalika yokha.

Mkulu wa mpingo, zaka 30 pa ntchito:
Amayi, mwandithandiza kunena. Paulo ankasoka ndi MANJA AKE. Pa Machitidwe 20:34 akuuza akulu a ku Efeso kuti manja ake omwewo ndi amene anamupezera zosowa iye ndi anzake. Sanatenge chopereka cha oyera mtima n'kugulira zikopa ndi ulusi. Inunso makinawo ndi anu. Nkhani ili apa ndi ina. Anthu a masiku ano mumatenga ndime imodzi n'kuthamanga nayo.

Msungichuma wakale:
Abusa, ndafunafuna mu uthenga wanu wonse. Mwatiuza za mlamu, za makiyi, za kiyibodi. Simunatiuze kuti ndalama zimene "zilipo" zachokera kuti, ndiponso kuti tentiyo idzakhala m'dzina la ndani. Yankhani zimenezi kaye.

Wachinyamata wa kwaya:
Ine ndikuti tenti isiyeni, gulani foni ya kamera yabwino. Anthu samabwera chifukwa cha mipando. Jambulani timavidiyo ta masekondi 30, munthu mmodzi akunena zimene Yesu wamuchitira, n'kuika pa Facebook ndi pa WhatsApp tsiku lililonse mpaka Pasaka. Ndipo za woimba kiyibodi uja, pepani, koma mwina anatopa ndi nyimbo zomwezomwezo 😄

Mkulu wa mpingo, zaka 30 pa ntchito:
Mwana wanga, pa Pentekoste panalibe kamera. Anali anthu pafupifupi 120 akupemphera m'chipinda chapamwamba, Petro n'kuima n'kulalikira, anthu 3,000 n'kuwonjezeka tsiku limodzi. Werenga Machitidwe 1 ndi 2. Mukufuna zipatso za Pentekoste popanda maondo a Pentekoste.

Wachinyamata wa kwaya:
Koma bambo, mawu amenewa mwalemba pa foni, ndipo tawawerenga tonse.

Wokonda mbiri ya mpingo:
Poyamba tikonze tsiku, chifukwa chaka chilichonse pali mpingo wina umene umasindikiza timapepala ta tsiku lolakwika. Pasaka alibe tsiku lokhazikika. Amagwa Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Malichi kapena pambuyo pake, ndiye amatha kukhala paliponse pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Nkhani yoti mipingo izikondwerera tsiku limodzi inakambidwa pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325. Mu 2026 Lamulungu la Kanjedza ndi pa 29 Malichi, Lachisanu Loyera pa 3 Epulo, Pasaka pa 5 Epulo. Akhristu a mipingo ya Orthodox, Pasaka wawo ndi pa 12 Epulo chifukwa amawerengera pa kalendala yakale, ngakhale kuti mu 2025 tonse tinakumana pa 20 Epulo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mipingo yambiri imayesa Pasaka ndi tsiku limodzi. Nyengo yake ndi ya masiku 50 mpaka Pentekoste, amene mu 2026 ali pa 24 Meyi. Tikamapinda tenti Lolemba, nyengoyo imakhala itangoyamba kumene.

Mbale wina:
Mawu akuti Isitala mulibe m'Baibulo langa. Atumwi sanachitepo zimenezi.

Wokonda mbiri ya mpingo:
Achimwene, palibe walemba Isitala pano, tonse tikuti Pasaka, ndipo mawuwa achokera ku Pesach wa Chiheberi. 1 Akorinto 5:7 akutchula Khristu kuti ndiye Paskha wathu. Mukafuna tikambirane, tsegulani funso lanu.

Membala wosadzitchula dzina:
Zikomo nonse. Za nyimbo zija sizoona, mnyamatayo ndinkamupatsa ufulu wosankha yekha. Chimene chinachitika n'chakuti kwinako anamulonjeza kangachepe mwezi ndi mwezi. Ndipo mwini holo uja lero wanditumizira uthenga woti lendi ikwera. Mukuona chifukwa chake ndikufuna mpingo ukhale ndi kolowera ndalama kwake.

Wobwereketsa matenti ndi mipando:
Abusa, iyi ndi ntchito yanga, chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano, ndiye mverani. Walira mvula walira matope. Tenti simangoigula n'kukhala. Pamafunika posungira pouma, chifukwa mukaipinda yonyowa imachita nkhungu n'kuyamba kung'ambika m'misoko. Pamafunika galimoto yonyamulira, ndi anyamata odziwa kuimika mapaipi ndi kukhoma zikhomo, amene muyenera kuwalipira tsiku lomwelo, Yakobo 5:4 ali pomwepo. Mipando ya pulasitiki imathyoka miyendo yakumbuyo anthu akamaitsamiritsa. Ikapita 100 muziwerenga pamaso pa wobwerekayo, asaine, ndipo asiye chikole. Tsono vuto lanu lalikulu ndi ili: maukwati ambiri amachitika kumapeto kwa sabata, katundu amabwerera mochedwa, Lamulungu m'mawa mpingo wanu ukhalira chiyani? Vuto lachiwiri ndi abale. Ine amene anandigwetsa chaka choyamba si akunja ayi. Ndi mbale wa mu mpingo mwathu amene anatenga mipando 60 pa ukwati wa mwana wake, n'kubweza 47, ndipo pomufunsa anati tikhululukirane monga Ambuye anatikhululukira. Mpaka lero timakhala benchi imodzi koma mtima sunapole bwinobwino. Pasaka ameneyu bwerekani kaye tenti kwa wina masiku atatuwo, muone ngati ingadzaze.

Mkulu wa mpingo, zaka 30 pa ntchito:
MWAMVA? Mipando 13 yathetsa chiyanjano cha abale. Si zimene ndanena pamwambapa? Ndipo ndiwonjeze. Mpingo umakula ndi zinthu zitatu: kusala kudya, kulalikira tchimo kuti ndi tchimo, ndi kuyendera odwala. Ife tinayamba pansi pa mtengo. Masiku ano m'busa akangokwanitsa anthu 20 wayamba kale kulota kampani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani chimodzi, Abusa, guwa kapena malonda.

Mayi wosoka zovala:
Bambo, mukuwakalipira ngati akuba. Munthuyu wanena kuti watopa. Lendi ya holo silipiridwa ndi kusala kudya.

Mkulu wa mpingo, zaka 30 pa ntchito:
Amayi, amene amakonda amadzudzula. Ndikanakhala chete mukanati ndilibe chikondi.

Mayi amene anabwera ngati mlendo:
Abusa, ine za tenti sindikuzidziwa. Ndikuuzeni za alendo anu 14 aja, chifukwa ndinali mmodzi wa anthu otere. Bambo a ana anga atamwalira ndinakhala zaka zitatu osaponda ku tchalitchi. Pasaka wina ndinalowa mu mpingo wina waukulu. Anati alendo aimirire, anthu onse n'kutembenuka kundiyang'ana, n'kuomba m'manja. Ndinalemba dzina ndi nambala pa kapepala. Palibe anaimba. Potuluka ndinaima pakhomo kanthawi chikwama chili m'manja, anthu akupatsana moni okhaokha, ndipo ndinapita.

Chaka chotsatira mnzanga wa kuntchito anandiitanira ku kampingo kake. Sanandipatse kapepala. Anabwera kudzanditenga, anakhala pambali panga, nyimbo imene sindinkaidziwa anandilozera ndi chala m'buku lake. Lachiwiri lake mayi wina wachikulire anandiimbira foni. Sanafunse ngati ndibwerenso, anafunsa za ana anga, mayina awo ndi makalasi awo. Lamulungu lotsatira anawaitana anawo ndi mayina. Pano ndakhala kumeneko zaka 5. Mlendo ndi mame, Abusa, dzuwa likakwera simumupezanso. Muli ndi anthu 18 okhazikika. Aliyense abwere ndi munthu mmodzi amene akumudziwa kale, monga Andreya anatengera Petro kwa Yesu pa Yohane 1, ndipo mlendo aliyense akhale ndi womuimbira masiku atatu asanathe. Anthu 36 akwana m'holo mwanumo.

Wachinyamata wa kwaya:
Amayi mwandiliritsa. Koma muwaikenso pa gulu la WhatsApp.

Mayi amene anabwera ngati mlendo:
Muyambe mwawapempha, mwana wanga. Kungodzuka uli pa gulu la anthu osawadziwa kumathawitsa.

Msungichuma wakale:
Ndibwerezanso funso langa, Abusa, popeza mwalilumpha. Ndalamazo ndi za ndani? Ndikufunsa chifukwa ine ndinapsa nazo. Abusa athu anali munthu wabwino, sanabe kalikonse, koma anatenga ndalama za mpingo n'kuyambira malonda poganiza kuti abweza ndi phindu. Malonda anagwa. Amene anaitanidwa wakuba ndi ine, chifukwa buku linali m'manja mwanga, ndipo mabanja asanu anachoka. Paulo yemweyo, ponyamula chopereka cha ku Yerusalemu, sanayende nacho yekha. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akuti anatumanso mbale wosankhidwa ndi mipingo kuti wina asawanene, pofuna kuchita zabwino pamaso pa Ambuye ndi pa anthu pomwe. Ngati bizinesiyo ndi ya mpingo, ivomerezedwe pa msonkhano ndipo zilembedwe, ikhale ndi akaunti yakeyake ku banki, osainira awiri, inu musakhale mmodzi wa iwo, risiti pa chilichonse, ndipo mufunse amene amadziwa malamulo a msonkho kwanuko, chifukwa malonda a mpingo nthawi zina sawerengedwa ngati chopereka. Ngati ndi yanu, gulani ndi zanu, muzipereka ku mpingo zimene mtima wafuna.

Membala wosadzitchula dzina:
A Msungichuma, sindinabise dala. Ndi ndalama zimene takhala tikusonkha zaka 3 kuti tidzagule malo omangapo tchalitchi. Sizikukwana malowo, zangokhala. Akulu ampingo awiri amene ndili nawo sindinawauze, ndimafuna ndiyambe ndamva maganizo kuno. Mmodzi wa iwo amatsutsa chilichonse chimene ndanena.

Mkulu wa mpingo, zaka 30 pa ntchito:
NDALAMA ZA MALO! Abusa, musakhudze ngakhale imodzi. Muli amasiye mmenemo amene anapereka podziwa kuti akugula malo a Mulungu. Mtendere umene mukuti muli nawo mumtima, pitani nawo kwa mkulu amene amakutsutsaniyo, muone ngati utsale. Luka 14:28, wofuna kumanga nsanja amayamba wakhala pansi n'kuwerengera.

Mayi wosoka zovala:
Apa pokha ndagwirizana nanu, bambo. Koma za Paulo zija sindinasinthe maganizo.

Wobwereketsa matenti ndi mipando:
Ndipo mukabwereka tenti muonetsetse zingwe ndi zikhomo zakwana musanasaine. Ambiri amazindikira atafika kale pamalo.

Mbale wina:
Funso langa la Isitala palibe wandiyankha bwino.

Mayi amene anabwera ngati mlendo:
Abusa, aja 14 a chaka chatha, manambala awo muli nawo?

Membala wosadzitchula dzina:
Tinawalemba m'kope lobiriwira la Sande sukulu, kumapeto kwake. Mayi akunyumba akulifuna m'katoni panopa. Akulu ampingo ndawaitana Lachinayi madzulo, onse awiri.