Ntchito yongodzipereka kunja kwa masabata ochepa: yeniyeni imapezeka kuti?

Nangozo_LL wafunsa:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa kusekondale, zaka 26, ndipo patchuthi chachikulu cha mu Ogasiti ndimakhala ndi masabata anayi kapena asanu. Ndikufuna ndikagwireko ntchito yongodzipereka kunja kwa dziko lino, ndikaone mmene anzathu amachitira zinthu. Koma ndikasaka pa intaneti, zomwe zikubwera ndi makampani ofuna madola opitirira 1,000 pa masabata awiri okha, tikiti ya ndege osawerengera. Ena pa Facebook akuti tumizani ya fomu pa foni, tikupezerani malo ku Ulaya. Kodi mwayi weniweni umapezeka kuti? Nanga ndingadziwe bwanji kuti ntchitoyo ikathandizadi eni dera, osati kungokajambulitsa? Pasipoti ndili nayo.

Kamtedza wayankha:

A Nangozo, tiyambe ndi kusiyanitsa, chifukwa dzina ndi limodzi koma zinthu zake ndi zosiyana. Makampani a madola mwawaonawo amagulitsa ulendo wokaona malo, ntchitoyo amangoiwonjezerapo, ndipo mitengo yawo adaikonzera achinyamata a ku Ulaya ndi America. Asiyeni amenewo.

Pali mapologalamu akuluakulu omwe salipiritsa kanthu, m'malo mwake ndi iwo amakupatsani ya chakudya ndi pogona: UN Volunteers, African Union Youth Volunteer Corps, komanso weltwärts ya boma la Germany, yomwe kuyambira 2013 imatenganso achinyamata a m'maiko ngati lathu kukatumikira ku Germany. Onsewa ndi enieni, kungoti sangakwane patchuthi chanu. Ya AU ndi miyezi 12, weltwärts nayo kawirikawiri ndi chaka chathunthu. Muwasungire mtsogolo.

Chokukwanirani inu ndi workcamp. Si zachilendo ayi: bungwe la Service Civil International (SCI) lidachititsa yoyamba mu 1920 pafupi ndi Verdun ku France, kumanganso mudzi womwe udaphwasuka pankhondo, ndipo kuyambira 1948 mabungwe a mtunduwu ali ndi mgwirizano wawo wotchedwa CCIVS, womwe udakhazikitsidwa pansi pa UNESCO. Kachitidwe kake n'kofanana kulikonse. Gulu la anthu 10 mpaka 20 ochokera m'maiko osiyanasiyana limakhala pamodzi masabata awiri kapena atatu, kugwira ntchito maola asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku, Loweruka ndi Lamlungu kupuma. Ntchito yake ndi ya manja: kuumba njerwa, kudzala mitengo, kukonza njira m'nkhalango, kukonzekera chikondwerero cha m'dera. Kogona musayembekezere hotelo. Nthawi zambiri ndi m'kalasi kapena mu holo ya tchalitchi, matiresi pansi, kuphika mosinthana.

Kulembetsa kwake kuli ndi lamulo limodzi lomwe ambiri amaphonya: simulembera mwachindunji bungwe la kudziko mukufuna kupitalo, mumadzera ku bungwe la m'dziko lanu lomwe ali nalo paubale. Kuno kwathu yambirani ku bungwe la AYISE ku Blantyre, ndipo mndandanda wa mamembala onse uli pa webusaiti ya CCIVS. Bungwe lakwanulo limakupatsani fomu, mumasankha makampu atatu kapena anayi motsatana ndi kukonda kwanu, n'kulemba kalata yaifupi yofotokoza chifukwa chomwe mwasankhira ntchitoyo. Akakulandirani amatumiza kalata yokuitanani, kenako pepala lofotokoza malo okumanirana, nambala ya mtsogoleri wa kampu ndi zoyenera kutenga. Musagule tikiti kalata yokuitanani isanafike.

Makampu a mu Juni mpaka Seputembala amalengezedwa cha m'mwezi wa Malichi, ndipo abwinoabwino amadzaza msanga. Wofuna kupita mu Ogasiti azikhala atalankhula kale ndi bungwe lakwawo pofika Febuluwale.

Langizo langa ndi loti ulendo woyamba ukhale wa pafupi. Ku Tanzania kuli UVIKIUTA, ku Kenya kuli Kenya Voluntary Development Association yomwe idayamba mu 1962, ku Mochudi kuli Botswana Workcamps Association. Makampu a mu Africa amalipiritsa ndalama ya chakudya ndi zipangizo, nthawi zambiri mayuro 200 mpaka 300, chifukwa sathandizidwa ndi boma ngati ambiri a ku Ulaya. Mtengo umenewu adauika poganizira alendo a kutsidya kwa nyanja, choncho musachite manyazi kufunsa ngati pali mtengo wina wa anthu a m'chigawo chino.

Chisale_Leeds wayankha:

Zomwe anena a Kamtedza n'zoona. Ine ndingowonjezera za viza, chifukwa apa ndi pomwe maulendo ambiri a anthu a pasipoti ngati yathu amafera.

Kulowa dziko popanda viza sikutanthauza kuti mwaloledwa kugwira ntchito, ngakhale yaulere. Ku Tanzania, Zambia, Botswana ndi Zimbabwe timalowa popanda viza, koma chilolezo chimenecho ndi cha mlendo wodzacheza. Tanzania makamaka ili ndi malamulo ake pa mavolontiya. Funsani bungwe lokulandiranilo, polemba osati pakamwa, kuti mavolontiya awo amalowa ndi pepala lanji ndipo limalipidwa zingati. Bungwe lodziwa ntchito yake limayankha tsiku lomwelo. Likakuuzani kuti "pa chipata mungonena kuti mukudzaona malo", dziwani kuti likukuphunzitsani kunamiza a zolowa ndi kutuluka, ndipo zikavuta wobwezedwa ndi inu, osati iwo.

Ku South Africa timapatsidwa masiku 30, ndipo ntchito yongodzipereka ili ndi viza yakeyake yomwe mumapempha musananyamuke. Muwerenge bwino masiku: kupitiriza ndi masiku ochepa chabe amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, kupitiriza masiku oposa 30 ndi zaka zisanu.

Ku UK kuno, viza ya Standard Visitor imalola kudzipereka kwa masiku osapitirira 30, ndipo liyenera kukhala bungwe lachifundo lolembetsedwa mwalamulo. Famu ya munthu kapena malo ogona alendo sizilowa pamenepo. Zoposera apo ndi viza ya Charity Worker, yomwe imafuna kuti bungwelo likhale ndi chilolezo choitana anthu akunja.

Maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, otchedwa Schengen, amafuna mayuro 90 a viza, inshulansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000, pasipoti yokhala ndi masamba awiri osadindidwa ndiponso yotsala ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke. Mukhoza kupempha kukadali miyezi isanu ndi umodzi. Yankho limayenera kubwera m'masiku 15 koma limatha kufika masiku 45, ndipo akakukanani ndalama ija sibwerera. Chomwe amakanira kawirikawiri si ntchito yongodziperekayo ayi, koma kukayika kuti mudzabwerera. Apa uphunzitsi wanu ndi chida, achemwali. Tengani kalata ya akuntchito yosonyeza kuti mwalembedwa ntchito, tsiku lomwe tchuthi chikuyamba ndi lomwe sukulu ikutsegulira, mapepala a malipiro ndi sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu. Ndalama yochuluka yomwe yangolowa mu akaunti sabata imodzi musanapereke mapepala amaiona, ndipo imawononga pempho m'malo molikometsa.

Za ku America ndingoti ganizani kawiri. Mu Ogasiti 2025 adayamba kuuza a ku Malawi ndi Zambia opempha viza ya alendo kuti azipereka chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000.

Nangozo_LL wayankha:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Nanga Workaway ndi WWOOF zomwe anthu amatchula? Komanso poti ndine mphunzitsi, ndimaganiza zokathandiza kumalo osungira ana amasiye.

Mbewe_wa_ku_Zomba wayankha:

Workaway, HelpX ndi WWOOF si zachinyengo. Mumalipira umembala wa chaka, n'kumalemberana nokha ndi eni mafamu kapena mabanja; mumagwira ntchito maola anayi kapena asanu patsiku, iwo n'kukupatsani chakudya ndi pogona. WWOOF idayambira ku England mu 1971 ndipo ndi ya ulimi wosathira mankhwala. Vuto ndi lomwe anena a Chisale: maiko ambiri amawerengera chakudya ndi pogona ngati malipiro, ndiye kwa iwo imeneyo ndi ntchito, pomwe mawebusaitiwa sathandiza pa viza. Komanso palibe bungwe lokuimirirani mukasemphana ndi mwini nyumba. Ngati mwasankha njirayi, tengani malo omwe alandirapo anthu ambiri ndipo ndemanga zake ndi zaposachedwa, mulankhulane pa vidiyo musanapite, mugwirizane polemba za maola ndi masiku opuma, ndipo mukhale ndi ndalama yogonera kwina masiku atatu zitavuta.

Za ana amasiye, a Nangozo, ndikupemphani musiye. Mabungwe oona za ana monga Save the Children akhala akunena kuti ana 8 mwa 10 aliwonse a m'nyumba zotere ali ndi kholo limodzi kapena onse amoyo. Chidawafikitsa kumeneko ndi umphawi. Ku Cambodia ndi Nepal zidapezeka kuti nyumba zina zimatsegulidwa chifukwa choti alendo amabweretsa ndalama, ana n'kumachita kutengedwa kumidzi kuti mabedi adzaze. N'chifukwa chake mu 2018 Australia idaika mchitidwewu m'gulu la ukapolo wamakono. Ngakhale pamalo pakhale pachilungamo, mlendo ndi mame: mwana wazolowerana nanu masabata atatu, mwapita, kwabwera wina, nayenso wapita. Mwanayo amaphunzira kuti aliyense womukonda amachoka. Bungwe lililonse lokulolani kukhala ndi ana osakufunsani kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, lisiyeni pomwepo. Kalatayo kuno imachokera kulikulu la polisi ku Area 30 mutadinda zala, ndipo muyambe kuifunafuna msanga.

Zofanana ndi izi ndi malo a ku South Africa omwe amaitana mavolontiya kukayamwitsa tiana ta mikango. Mkango woleredwa m'manja subwerera kutchire. Yambiri imathera kwa alenje olipira kapena kumalonda a mafupa, ndipo mu 2021 boma la kumeneko lidalengeza kuti likufuna kuthetsa kuweta mikango kotere. Malo osamaliradi nyama salola mlendo kuzinyamula.

Muyeso wa ntchito yaphindu ife a ku Malawi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa, poti timawaona alendo obwera kuno. Tikudziwa kusiyana kwa gulu lomwe lapenta khoma lomwe lidapentedwanso chaka chatha, ndi lomwe lathandiza komiti ya sukulu kumaliza zimbudzi zomwe idayamba kale yokha. Funsani mafunso omwewo kumene mukupitako. Adapempha ntchitoyi ndani, eni dera kapena ofesi? Idzapitirira m'manja mwa yani inu mukachoka? Kodi simukulanda ganyu ya mmisiri wa pamalopo? Pa ndalama mukulipirayo, zingati zikupita ku chakudya, zingati ku simenti, zingati ku ofesi? Apempheni akulumikizeni ndi anthu awiri omwe adapitako chaka chatha.

Pa uphunzitsi wanu, kulowa m'kalasi ya eni ake kwa masabata atatu kumangosokoneza silabasi. Chothandiza ndi ntchito yokhala ndi poyambira ndi pothera: kukonza laibulale, kuyendetsa makalasi a patchuthi pamodzi ndi aphunzitsi a komweko, kupanga zipangizo zophunzitsira sayansi kuchokera ku zinthu zopezeka pamalopo.

Kamtedza wayankha:

Ndimalize ndi bajeti ndi anthu a pa Facebook aja.

Bungwe lenileni silikupemphani ndalama pa nambala ya foni ya munthu, silikulonjezani viza chifukwa viza amapereka ndi a kazembe okha, ndipo silisunga pasipoti yanu. Mukamva mawu oti mukafika kumeneko ntchito yongodziperekayo idzasanduka ya malipiro, thawani. Amayi ambiri a kuno omwe adakavutika m'nyumba za anthu ku Oman adakopedwa ndi malonjezo okoma a pa Facebook. Dzina la bungwe mukalifufuze pa mndandanda wa CCIVS kapena wa SCI, ndipo imelo muitenge pamenepo, osati pa chithunzi chomwe wina wakutumizirani, chifukwa akuba amabera ndi maina a mabungwe enieni omwe.

Pa bajeti muwerengere ndalama yolembetsera kubungwe la kuno, ya kukampu, thiransipoti, inshulansi, ndi yapadera ya mwadzidzidzi. Ku Dar es Salaam basi imadzera pa Songwe ndi Mbeya, ku Lusaka pa Mchinji ndi Chipata, ndipo zonsezi ndi zotsika kwambiri poyerekeza ndi ndege. Mufike tsiku limodzi kampu isanayambe, mabasi a mtunda wautali sasunga nthawi. Ndalama zakunja muyambe kupempha kubanki kukadali miyezi iwiri, mutanyamula kalata yokuitanani ndi tikiti, poti mukudziwa mmene madola akusowera. Funsaninso ngati bungwe lokulandirani limalola kulipira pamanja mukafika, zimapeputsa.

Mukasankha Kenya kapena Uganda, bayitsani katemera wa yellow fever. Kabuku kachikasu kosonyeza kuti mwabayitsa kamayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira 2016 katemera mmodzi ndi wa moyo wonse. Amatha kukafunsa kabukuko popita ngakhalenso pobwerera kuno. Neti yanu, nsapato zotseka ndi magolovesi a ntchito mutenge kuchokera kunyumba.