Zomwe ndapeza pa funso lija la kutentha kwa dziko

Paja ndinafunsa ngati n'zoona kuti dziko likutentha, komanso ngati olakwa ndife anthu. Ambiri munayankha, ena kuti ndi dzuwa chabe, ena kuti ndi mapiri ophulika. Zikomo nonse. Ndafufuza, ndipo sindikukayikanso.

Chomwe chandigwira mtima ndi ntchito ya wasayansi Charles David Keeling. Mu 1958 anayamba kuyeza mpweya wa carbon dioxide paphiri la Mauna Loa ku Hawaii, kutali ndi utsi wa m'mizinda. Nthawiyo unali magawo pafupifupi 315 pa magawo miliyoni a mpweya wonse. Lero wadutsa 420 ndipo ukukwerabe chaka ndi chaka. Mafakitale asanayambe unali cha m'ma 280. Izi amazidziwa poyeza mpweya wakalekale wotsekeredwa mu ayezi wa ku Antarctica. Mpweya wa carbon dioxide umasunga kutentha ngati bulangete, ndipo wowonjezerawo ukuchokera ku malasha, petulo, dizilo, gasi ndi nkhalango zomwe tikuwotcha.

Za dzuwa zija ayi ndithu. Masetilaiti akhala akuyeza mphamvu yake kuyambira 1978 ndipo sinawonjezeke. Likanakhala dzuwa, mlengalenga monse mukanatentha, koma kumwamba kwenikweniko kukuzizira pomwe pansi pano pakutentha. Mapiri ophulika nawo amatulutsa mpweyawu pang'ono zedi poyerekeza ndi ife.

Mu 2021 bungwe la IPCC, lomwe ndi la akatswiri a zanyengo pansi pa United Nations, linanenetsa kuti anthu ndiwo atenthetsa dziko, ndipo 2024 ndi chaka chomwe chinaposa zonse zam'mbuyo pa kutentha. Chomwe chikundiwawa n'chakuti akatswiri a World Weather Attribution, gulu lofufuza mmene kutentha kwa dziko kukukhudzira ngozi zanyengo, anapeza kuti kutenthaku kunawonjezera mvula ya namondwe Ana, yemwe anasefukiritsa madzi ku Chikwawa ndi Nsanje mu Januwale 2022.