Zotsatira za kachipangizo koyezera H. pylori kunyumba kaja

Abale, miyezi iwiri yapitayo ndinafunsa ngati kachipangizo koyezera tizilombo ta H. pylori kunyumba n'kodalirika, popeza m'mimba munkandiotcha usiku uliwonse ndipo ndinkatupidwa ngakhale ndidye nsima mtanda umodzi. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Ndinagula koyezera chimbudzi. Kanaonetsa mzere umodzi, kutanthauza kuti tizilombo mulibe, mtima nkukhala pansi. Koma kuotchako sikunasiye. Kuchipatala, adokotala anandifunsa mankhwala amene ndinkamwa, ndipo nditatchula omeprazole anapukusa mutu. Anati mankhwalawa amachepetsa tizilomboti moti sitioneka poyeza. Munthu ayenera kuwasiya masabata 2 asanayezetse, ndipo ngati ankamwa maantibayotiki adikire masabata 4. Chonde amene mukufuna kuyeza nokha, mukumbukire zimenezi.

Ndinawasiya, nkuyezetsanso, ndipo anandipeza nato. Ndamwa omeprazole, amoxicillin ndi clarithromycin kwa masiku 14. M'kamwa munkawawa ngati ndabwira ndalama yachitsulo, koma panopa ndikugona mpaka m'mawa.

Inu amene munandilangiza koyezera magazi, adokotala akuti kamaonetsabe kuti uli nato ngakhale utachira. Choncho pakatha masabata 4 ndikayezetsanso chimbudzi.