Peavey Bandit ya mu kontena: ndigule kapena ndiisiye?

Wa Gitala ku Chilomoni: Akuluakulu thandizeni msanga, mwiniwake wandipatsa mpaka mawa masana. Ku Limbe kuli amp ya gitala, Peavey Bandit 112, akuti K150,000. Ikuyaka koma ikungoti huuu ngakhale volume ili pa zero, gitala osalumikiza. Channel ya clean ikumveka kenako kudula, ukaimenya pamwamba mawu kubwerera. Ma pot (zopotokola za volume ndi tone) a channel ya lead onse akukhwekhwereza. Kutsegula wakana. Loweruka tili ndi ukwati ndipo ndatopa kulowetsa gitala mu mixer, solo imamveka ngati wailesi yotha mabatire.

Madala a Ndirande: Musanatiuze zambiri, pa plate kumbuyo palembedwa chiyani?

Wa Gitala ku Chilomoni: 120V 60Hz. Amayatsira pa step down, transformer yotsitsa mphamvu ya magetsi.

Madala a Ndirande: Ndiye isiyeni mphwanga. Kwathu kuno ndi 230V. Ya ku America imeneyo.

Mmisiri wa Mchesi: Madala dikirani kaye. Bandit ndi amp yolimba, 80 watts, yopanda ma valve, yosavuta kukonza. Kudulako nthawi zambiri ndi ma jack a effects loop (send ndi return, polumikizira ma effect), amachita dzimbiri mkati chifukwa palibe amawagwiritsa ntchito. Achimwene, tengani ka jack to jack kakafupi, mulumikize send ndi return. Kudula kukasiya, vuto ndi lomwelo, contact cleaner basi. Ma pot chimodzimodzi. Chondidetsa nkhawa ndi hum, huuu uja. Ingakhale ma filter cap (ma capacitor osalaza magetsi) ouma kapena solder yosweka pamiyendo yake, zimenezo n'zotchipa. Koma pitani ndi mita yoyezera magetsi. Kumbuyo kwa Bandit n'kotseguka, ma terminal a sipika mukuwafikira osamasula screw. Ikani pa DC. Ma millivolt ochepa palibe vuto, mukaona ma volt enieni ndiye kuti output, gawo loyendetsa sipika, yapita, zimitsani pompo sipika isanapse.

Madala a Ndirande: Zonsezo mukonza, inde. Nanga tsiku limene mnyamata wonyamula zida adzaibaya pakhoma inu muli kokadya? Transformer kupsa. Mukaipeza kuti?

Bass wa ku Zomba: Kutchalitchi kwathu zinachitikapo. Amp inachoka kwa abale a kunja, tinamata pepala lalikulu kuti 110 CHONDE. Tsiku la Paper Sunday wina anadula pulagi ya mano awiri ija n'kuikapo yathu ya atatu, akuti akuthandiza. Utsi kudzaza ku vestry. Titatsegula tinapeza fuse inamangidwa kale ndi waya wa kopa, ndiye inalibe chotetezera. Tinakapombetsa transformer, inabwera ikutentha moti dzanja sungaike, hum kuposa kale.

Mmisiri wa Mchesi: Opomba ena amachepetsa ma turn kuti waya awatsalire, n'chifukwa chake. Koma step down ingathe kumangidwa mkati mwa bokosi momwemo, chingwe chotuluka n'kukhala chimodzi cha 230. Muiike pansi, kutali ndi reverb tank (kabokosi ka masipiring'i kopanga reverb), apo ayi hum iwonjezeka.

Anachisale Electronics: Ine changa ndi chenjezo. Wogulitsa wokana kutsegula amakhala akudziwa zimene zili mkatimo. Nunkhizani pafupi ndi transformer. Ngati fuse ikufikirika, imasuleni muione ngati ili yeniyeni. Sipika muichotse waya umodzi muyeze, ya 8 ohms imawerenga cha m'ma 6 kapena 7. Kanikizani cone (pepala la sipika) pang'onopang'ono ndi zala, ikamakhula ndiye kuti coil inapsapo. Muonenso ngati sipikayo ndi yake, ambiri amachotsa yoyambirira n'kuikamo ya mu hoofer. Ndipo mukagula musayatse mutasintha zinthu popanda babu pa series, lochepetsa moto ngati muli short. Ma cap aakulu aja amasunga moto ngakhale mutazimitsa, achotseni moto ndi resistor, osati screwdriver. Ma transistor a output a pamsika ambiri ndi feki, amagwira pa bench, kufika pa ukwati kuphulika nyimbo yachiwiri.

Wa Gitala ku Chilomoni: Sipika sindinaione bwino mayi. Nanga atatsika kufika 100 pin?

Anachisale Electronics: Muwerengere step down, ma cap, cleaner ndi ya mmisiri. Ndipo za Lowerukazo iwalani, amp yongokonzedwa kumene imafuna iyake maola angapo pa bench.

Madala a Ndirande: Ngakhale 50 pin. Dikirani ya ku UK kapena ya ku Joni, zimenezo sizifuna step down. Ine za 120 ndakwirira zambiri.

Bass wa ku Zomba: Komanso maukwati ambiri masiku ano ndi a genset. Ija ikamatha mafuta n'kumakwera kutsika, step down singakuthandizeni.

Mmisiri wa Mchesi: Genset imapha ndi za 230 zomwe, madala asatinamize kuti za ku UK sizipsa. Mwezi watha ndalandira ma mixer awiri ochokera pa chinkhoswe chimodzi.

Madala a Ndirande: Sindinati sizipsa. Ndati isiyeni.

Keys Area 25: Pepani kulowerera akuluakulu, alipo ali ndi adapter ya 12V ya Yamaha PSR? Yanga yapsa dzulo pa practice.