Za nyumba ya ku Chankhanga ija

Abale, mu Novembala ndinakufunsani ngati nditchule mtengo wanga nthawi yomweyo pa nyumba ya zipinda zitatu imene ndinkafuna kugula ku Chankhanga, kapena ndiyambe ndadikira. Ambiri munati ndidekhe. Nazi momwe zathera.

Ndinadikira mpaka Januwale. Nthawi imeneyi kuno ku Kasungu ndalama imasowa: feteleza wobereketsa, fizi ya teremu yachiwiri, chimanga nacho chitakwera pamsika. Ogula nyumba sawoneka. Koma msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, alimi amatulukira ndi ndalama ndipo eni nyumba amayamba kuuma mutu. Ndinkadziwa kuti ndikapitirira Malichi, basi yandiphonya.

Chimene sindinachiganizire n'komwe ndi mvula. Ndinapitanso kukaona nyumbayo m'mawa, itagwa usiku wonse. Siling'i ya chipinda chakumapeto inali ndi banga lakuda, pakona atatchera beseni, madzi atadikha kuseri kwa khitchini. Mu Novembala zonsezi zinabisala.

Ndinati kwa mwini nyumbayo, "Bambo, malatawa ndi ofunika kusintha, mundichotsereko." Anakana, ati kwacha ikugwa. Apo sankanama, tonse tikukumbukira mmene inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma patatha sabata ziwiri anandiimbira okha, ndipo tinagwirizana atachotsa ndalama ya malata ndi kena pang'ono pamwamba.

Sindinapereke ngakhale tambala mpaka nditakatsimikiza kukhonsolo kuti poloti ili m'dzina lawo komanso palibe ngongole ya msonkho. Makiyi ndalandira Lachisanu, amisiri akwera padenga Lolemba likubwerali.