Za kukonzanso dipi lakale la kudambo

Mlembi wa gulu: Akuluakulu, komiti ikuganiza kuti ndalama za chaka chino zikonzere dipi lakale lija, chifukwa nkhupakupa zikutimalizira ana a ng'ombe dzinja lililonse. Tikupempha maganizo anu lisanafike Loweruka.

Mayi Nabanda, kumudzi: Ine sindikukana dipi, koma ndikufuna kudziwa kumene madzi ake otha ntchito azikathiridwa. Ndili mwana ndinkaona akuwatsanulira m'ngalande yotsetserekera kudambo, ndipo achule ankayandama chagada kwa masiku angapo. Lero m'munsimo muli madimba athu a mpiru ndi tomato, komanso chitsime chimene ana amamwako pochokera kusukulu. Madipi ambiri akale ankathirako poizoni wotchedwa aseniki, ndipo aseniki saola, amangokhala m'dothi zaka ndi zaka.

Bambo Phiri, ku Lilongwe: Alongo, mankhwala a lero si omwe aja. Amitraz, mankhwala ophera nkhupakupa a masiku ano, sakhalitsa m'nthaka. Tikachedwa ndi mantha, anthu apitiriza kupopera ng'ombe zawo pakhomo mosayeza, n'kukatsuka mabotolo kumtsinje, ndipo zimenezo n'zoipa kuposa dipi limodzi loyang'aniridwa bwino.

Aphunzitsi a Mwale, ku Chipoka: Bambo Phiri anena zoona pa amitraz, koma sitingalonjeze kuti m'dipimo muzithiridwa amitraz yekha. Cypermethrin, mankhwala ena ophera nkhupakupa, amapha nsomba ngakhale atachepa kwambiri m'madzi, ndipo dambo lathu likasefukira limathira mumtsinje wa Linthipe, umene umakalowa m'nyanja momwe abale athu amaponyamo maukonde. Palinso nkhani imene sitiikamba: ivermectin, mankhwala a njoka zam'mimba amene timabaya ng'ombe, amatulukira m'ndowe akadali ndi mphamvu, n'kupha tizilombo tokwirira ndowe m'nthaka. Pakhomo la dipi ndowe zimawunjikana, ndipo amayi adzazitenga kukathira m'madimba omwewo.

Mayi Nabanda: Zikomo aphunzitsi, chifukwa chitsimecho ndimatungako ine, osati olankhulira ku tauni.

Bambo Phiri: Mawu amenewo ndawamva, alongo, ndipo sindikutsutsa. Ndivomera kuti dothi la m'ngalande yakale liyezedwe tisanagule simenti, koma ndalama zoyezera zichoke m'thumba lapadera, zisadye za dipi.

Aphunzitsi a Mwale: Komanso dzenje lotayirako madzi likumbidwe kumtunda, kutali ndi chitsime, litchingidwe mpanda, ndipo alangizi a ziweto akaloze okha malowo pamaso pa amfumu. Kodi a mlembi, kumtunda kuja malo ndi a banja liti?