Mwana wanga akufuna kuphunzira zisudzo

Nachisale wa ku Lizulu: Abale, mtsikana wanga ali Fomu 3. Patchuthi chathachi anasonkhanitsa anzake kuseri kwa nyumba, n'kumangirira chitenje changa chatsopano pamtengo wa pichesi ngati katani. Ataimba m'seweromo, misozi inalengeza m'maso mwanga. Akuti akaphunzire zisudzo ku yunivesite. Kodi maphunzirowa alipo?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Alipo mayi, ku University of Malawi ku Zomba, ku Chanco kuja. Koma akhoze bwino MSCE, makamaka Chingerezi. Pakadali pano alowe kalabu ya zisudzo pasukulu, akapikisane nawo pa ATEM, mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa sukulu za sekondale.

Agogo a ku Mtakataka: Patchuthi mubwere naye ku Mua, ku Kungoni, malo osungirako zachikhalidwe, adzaone zigoba za gule wamkulu.

Nachisale: Zikomo nonse. Amene akukanitsitsa ndi bambo ake, akuti mwanayu achite unamwino basi. Ndiwaonetsa mayankhowa madzulo akadya nsima.